Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko

Mwambiwu ndi wa usiku: anzako ali m'tulo, ululu ukuumva wekha, ndiye wodzuka ndiwe.

Ndimaukumbukira ndikaganiza za munthu wa ku Neno amene, chipitireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, amadzidzimuka thukuta lili kamukamu atalota madzi akugwetsa khoma. Kukacha amangoti zii, kuopa kuti anthu anena kuti walodzedwa. Zimandiwawa, chifukwa maloto otere kawirikawiri ndi bala la mantha, ndipo limapola. Ku zipatala za Neno ndi Lisungwi, kumene Abwenzi Pa Za Umoyo amathandizana ndi boma, kuli chithandizo cha matenda a maganizo.

Ngati nawe umalota zotere, kukadali masana fotokozera mnzako lotolo, ulisinthe mathero, madziwo aphwe, ndipo uzilibwereza choncho m'mutu tsiku ndi tsiku.