Mpando Waukulu Umayambira pa Tebulo Laling'ono

Ana inu amene mwangomaliza maphunziro a zowerengera ndalama, khalani pansi mumve. Inki ya pa satifiketi isanaume n'komwe, mwayamba kale kufunsa za galimoto ya kampani ndi ofesi yanuyanu. Ntchito yoyanjanitsa malisiti ndi mabuku mukuti ndi yonyozetsa. Ndikuuzani za mayi wina amene adasunga chuma cha kampani yaikulu yopanga magalimoto, ndipo muyerekeze njira yake ndi phuma lanulo.

Dhivya Suryadevara adabadwira ku Chennai, m'dziko la India. Bambo ake adamwalira iye akadali wamng'ono, mayi ake n'kulera okha ana aakazi atatu. Adaphunzira zamalonda pa yunivesite ya Madras, kenako adapita ku America kukapitiriza maphunziro ku Harvard. Pamene ankalowa ku General Motors adali ndi digiri imene ambiri a inu mumangoilota, komabe adayambira pansi, pa ntchito yosanthula manambala mu ofesi ya msungichuma ku New York.

Tsono tcherani khutu apa. Pa 1 June 2009, General Motors idapita kukhoti kukavomera kuti ngongole zayiposa mphamvu. Boma la America lidathiramo madola pafupifupi 50 biliyoni kuti isafe. Mafakitale adatsekedwa, mayina akale a magalimoto monga Pontiac ndi Saturn adathera pomwepo, anthu zikwizikwi adachotsedwa ntchito. Inuyo mukadakhala pamenepo, bwenzi mutayamba kale kumwaza makalata ofunsira ntchito kwina. Iye adakhalabe. Amene waonapo kampani ikusowa ndalama zolipirira antchito ndi ogulitsa zitsulo amadziwa zimene sukulu singaphunzitse: kuti phindu lolembedwa m'buku ndi ndalama zimene zilipodi kubanki ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Mu 2013 adamupatsa udindo woyang'anira thumba la penshoni la kampaniyo, ndalama zokwana mabiliyoni ambirimbiri. Ganizirani eni ake a ndalamazo. Ndi nkhalamba zimene zidaimirira zaka makumi atatu pamzere wa fakitale, kumanga mabawuti ndi kuwotcherera zitseko mpaka zala kuuma. Munthu woteroyo sangabwererenso kuntchito ngati wosunga thumba atalakwitsa. Kampani idamudalira pamenepo, ndipo mu 2015 adakhala msungichuma wa kampani yonse. Adagwira nawo ntchito yogulitsa Opel, nthambi ya General Motors, ku kampani ya ku France ya PSA mu 2017. Mu September 2018, ali ndi zaka 39, adakhala mkulu wa zachuma wa General Motors, mkazi woyamba kukhala pampandowo, pansi pa mkulu wa kampani yonse, Mary Barra. Kuchokera patebulo loyamba lija padapita zaka zoposa khumi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Musaganize kuti pampandopo adapeza mpumulo. Pasanathe miyezi itatu, kampani idalengeza kuti isiya kupanga magalimoto m'mafakitale angapo, kuphatikizapo ya ku Lordstown, ku Ohio, ndipo mabanja ambiri adalira. Mu March 2020 mliri wa Covid-19 utaimitsa mafakitale, kampani idathamangira kukatenga madola pafupifupi 16 biliyoni ku mabanki kuti ikhale ndi popumira. Ziganizo zotere sizipatsidwa kwa munthu amene sadayesedwepo. Pamene ankachoka chaka chomwecho kupita ku kampani ya Stripe, ankapita chifukwa chofunidwa, mbiri yake ili yoyera.

Choncho lekani kudumphadumpha chaka ndi chaka chifukwa kwina awonjezera pang'ono malipiro. Phunzirani ntchito imene muli nayo mpaka muidziwe kunsi ndi kumwamba. Lowani mufakitale kapena m'nyumba yosungira katundu, muone ndi maso anu zimene manambala anu akunena. Tambala ikasowa m'buku, musapite kunyumba musanaipeze. Bwana akakuuzani kuti musinthe nambala kuti lipoti lioneke bwino, kanani mwaulemu koma osagwedezeka. Ndalama zimene mukugwirazo si zanu, ndipo tsiku lina mudzafunsidwa za iliyonse.