Bambo amene anadziwa nthawi yopereka mpata

Mwezi wa September chaka cha 2023, mumzinda wa New York, mtsikana wa zaka 19, Coco Gauff, anapambana mpikisano waukulu wa tenisi wa US Open atagonjetsa Aryna Sabalenka. Atakumbatirana ndi makolo ake, anabwerera pampando wake m'bwalomo, nagwada n'kuyamba kupemphera khamu lonse likumuona. Ambiri amakumbukira pemphero limeneli. Koma phunziro lalikulu kwa makolo achikhristu lili mwa bambo ake.

Coco anabadwa pa 13 March 2004 ndipo anayamba kusewera tenisi ali ndi zaka 6. Bambo ake, a Corey Gauff, amene pa unyamata wawo ankasewera basketball, anasiya ntchito kuti akhale mphunzitsi wake wa masewero. Mayi ake, a Candi, anasiya uphunzitsi n'kumamuphunzitsa sukulu pakhomo. Thukuta lawo silinapite pachabe: mu 2019, ali ndi zaka 15 zokha, Coco anagonjetsa Venus Williams ku Wimbledon.

Kenaka zinthu zinaima. Mu 2022 anagonja pa ndime yomaliza ya French Open, ndipo mu July 2023 anatuluka pa ndime yoyamba yeniyeni ku Wimbledon. Apa m'pamene a Corey anachita chinthu chovuta kwa kholo lililonse. Anavomereza kuti mwana wawo akusowa mawu ena osakhala awo okha. Analola kuti Brad Gilbert, amene kale anaphunzitsa Andre Agassi, alowe m'gulu la aphunzitsi ake, iwo n'kubwerera m'mbuyo. Miyezi iwiri isanathe, Coco ananyamula chikho ku New York. Mu June 2025 anapambananso French Open.

Paulo Woyera anakumana ndi vuto lofanana nalo ku Korinto, kumene akhristu ankakangana kuti mphunzitsi wawo weniweni ndani. Pa 1 Akorinto 3:5-9 iye akuwakumbutsa kuti ntchito yake inali yobzala, ya Apolo yothirira, koma wokulitsa mbewu ndi Mulungu yekha. Nayenso Hana, amene analirira mwana zaka zambiri, atamuletsa kuyamwa Samuele anakamusiya m'manja mwa wansembe Eli ku Silo. Sanasiye kumukonda, pakuti chaka ndi chaka ankamusokera kamkanjo n'kukamupatsa.

Mlimi wa kabichi ku Tsangano kapena ku Lizulu amazidziwa bwino zimenezi. Amafesa pa nazale, amathirira m'mawa ndi madzulo, amaphimba ndi udzu. Koma ikakwana nthawi amazula mbande n'kukawokera m'munda. Mbande yokhalitsa pa nazale imangotalika yonyozoloka, siikulunga. Chikatolika cha m'boma la Ntcheu nachonso chinakula motero. Ansembe a chipani cha Montfort anabzala ku Nzama mu 1901, ndipo lero akuthirira ndi ansembe, asisitere ndi akatekisiti obadwira kuno komwe.

Mayesero a makolo a m'tauni ndi awiri. Ena amazula mbande isanakhwime: mwana amaleredwa ndi foni, wailesi ya kanema ndi anzake a kumsika, chifukwa bambo ndi mayi atanganidwa ndi geni. Ena amakana kuwokera: amakalipira mphunzitsi akadzudzula mwana wawo, amamusankhira ntchito, amapsa mtima akamva kuti akufuna kupita ku seminale kapena ku usisitere. Onsewa aiwala kuti mwana ndi mphatso yosungitsidwa, mwini wake ndi Mulungu. Paja akulu anati mutu umodzi susenza denga.

A Corey Gauff sanasiye kukhala bambo pa tsiku limene anapereka mpata. Mwana wawo atapambana, anakwera kukawafuna pakati pa anthu, ndipo awiriwo anakumbatirana akulira.

Sabata ino m'banja lililonse ndi mu mphakati uliwonse muli funso loyenera kulisinkhasinkha: kodi mwanayu akusowa dzanja la kholo lomugwira, kapena akusowa kholo lomulola kuphunzira kwa wina? Mzimu Woyera aunikire makolo onse kuti adziwe nyengo yothirira ndi nyengo yowokera, ndipo Maria ndi Yosefe Oyera, amene analera Mwana wa Mulungu n'kumupereka ku ntchito ya Atate ake, awapempherere.