Tiana ta Mlamba Todyana M'thanki Yagalasi: Mlandu Ndi wa Yani?

Munthu amene amalera tiana ta mlamba m'thanki yagalasi ya m'nyumba sachedwa kukumana ndi chinthu chimene alangizi a ulimi wa nsomba amachitenga ngati vuto la kasamalidwe chabe, pamene mkati mwake muli funso lolemera lokhudza chabwino ndi choipa: tianato timadyana. Mazira a mlamba wa mu Africa, umene akatswiri amautcha Clarias gariepinus, amaswa patapita tsiku limodzi kapena awiri malinga ndi kufunda kwa madzi, ndipo kwa masiku pafupifupi 3 kamwana kalikonse kamadalira kathumba ka chakudya kamene kali pamimba pake. Kathumbako kakatha, tina timakula mofulumira kuposa tinzake, ndipo kamene katsogola kamagwira kamnzake kumchira n'kukadya mpaka kusiya mutu wokha, pomwe kakakulirapo kamameza kamnzakeko kathunthu kuyambira kumutu.

Yankho limene limabwera msanga ndi lakuti palibe wolakwa, popeza nsomba ilibe chikumbumtima, ndiponso kudambo zinthu zimayenda momwemo: m'nyengo ya mvula mlamba umakwera kukaikira mazira zikwizikwi m'udzu womira, n'kuchoka osawalondera, ndipo tiana tambiri timafa tisanakule. Yankholi ndi loona kumbali ya nsomba, koma silimasula mwini thanki. Kudambo kamwana kofooka kali ndi udzu wobisalamo, madzi amatope ophimba maso a mdani ndi malo othawirako, pamene m'galasi zonsezi zimapezeka pokhapokha munthu ataziika. Zimene zimakulitsa kudyanaku ndi zodziwika, ndizo njala, kusiyana misinkhu, kusowa pobisala ndi kuwala kosalekeza, ndipo chilichonse mwa zimenezi chili m'manja mwa woweta.

Hans Jonas, katswiri wa nzeru zakuya wobadwira ku Germany, m'buku lake la mu 1979 lonena za udindo anaphunzitsa kuti udindo wa munthu umakula molingana ndi mphamvu zake ndi zimene akudziwa, ndipo chitsanzo chake chachikulu chinali khanda, limene kukhalapo kwake kokha kumaika ntchito pa amene angathe kulisunga. Udindo wotere sudikira kubwezeredwa. Mfundoyi imaoneka bwino pa kamwana ka mlamba kuposa pa galu kapena ng'ombe, chifukwa kameneka sikalira, sikadziwa mwini wake, ndipo kakafa usiku sikasiya ngakhale mtembo, moti palibe mboni imene ingakakamize woweta kupatula chikumbumtima chake. Chiphunzitso cha m'Baibulo chimalozanso komweko, pakuti ulamuliro pa nsomba umene ukutchulidwa pa Genesis 1:28 umawerengedwa pamodzi ndi ntchito yosunga munda ya pa Genesis 2:15. N'zoona kuti Levitiko 11 amaika nsomba zopanda mamba m'gulu la zodetsedwa, n'chifukwa chake Ayuda osunga chilamulo ndi Akhristu a mpingo wa Seventh-day Adventist sadya mlamba, koma lamulolo limanena za chakudya cha munthu, ndipo silichotsa dalitso limene zamoyo zonse za m'madzi zinalandira m'chaputala choyamba cha Genesis.

Kukula kwa ntchito imene woweta wadzisenzetsa kumamveka tikayang'ana kampango wa m'nyanja ya Malawi, Bagrus meridionalis, amene ndi wa gulu lomwelo la nsomba zandevu zopanda mamba. Wofufuza wina, Kenneth McKaye, anafotokoza mu 1986 kuti makolo onse awiri amalondera chisa kwa milungu ingapo, mayi amatulutsa mazira osaswa kuti ana adye, ndipo bambo amafukula mchenga n'kubweretsera anawo tizilombo ta pansi pa nyanja. Mlamba sulera ana motere, moti chimene chimaulerera ana ndi dambo lenilenilo. Wochotsa tiana m'dambo ayenera tsono kuchita ndi manja ake zonse zimene dambolo likanachita. Amatidyetsa kangapo patsiku tizilombo tongoswa kumene ta m'madzi amchere totchedwa Artemia tisanazolowere chakudya chouma, amatipatula potengera misinkhu, amachepetsa kuwala, amasunga madzi ofunda pafupifupi madigiri 28, ndipo amayamwa ndi kapaipi zotsalira zonse za pansi. Zotsalirazo pamodzi ndi zimene nsomba zimatulutsa m'thupi zimabala amoniya, poizoni wosaoneka ndi maso, amene mabakiteriya a m'sefa amamusandutsa naitiraiti kenako naitireti wosaopsa kwambiri. Sefa yatsopano imafuna milungu ingapo kuti mabakiteriyawo akhazikike, ndipo madzi a pampopi okhala ndi kolorini amawapha. Wothira tiana m'thanki ya dzulo, akudziwa zimenezi, sangatchule imfa yawo kuti ngozi.

Wina angatsutse ponena kuti woweta amene amapulumutsa kamlamba pokadyetsa Artemia wamoyo wangosamutsa imfa kuchoka pa cholengedwa china kupita pa chinzake, ndipo chitsutso chimenechi n'cholemera ndithu. Chimene chingayankhidwe mwachilungamo n'chakuti munthu sangathe kuchotsa kudyana m'chilengedwe, ndipo sanapatsidwe ntchito imeneyo. Chimene ayenera kuyankhapo ndi kuvutika kumene kwabwera chifukwa cha makoma amene iye mwini wamanga, kumene anali ndi nzeru ndiponso mpata wokupewa.

Vuto lalikulu limadza chisamaliro chikayenda bwino, pakuti mlamba umatha kukula kupitirira mita imodzi, ndipo thanki ya pabalaza imachepa m'miyezi yochepa. Kuutaya mumtsinje wa dera limene si kwawo kumaononga zamoyo za kumeneko, monga zachitikira ku Brazil ndi ku India, kumene nsombayi, popeza imadya pafupifupi chilichonse ndipo imatha kupuma mpweya wa kunja kwa madzi, yakhazikika m'mitsinje n'kumapikisana ndi nsomba za komweko. Chotero chiwerengero cha mazira oti aswedwe chiyenera kuyezedwa ndi dziwe limene lidzalandire nsombazo zikakula, ndipo dziwelo liyenera kudziwika mazira asanalowe m'madzi.