Anankafumbwe a m'buku

Unga woyamba umene ndinadya pa sukulu ya kuphiri sindinaugule. Ndayambira pamenepo dala, kuti ndikayamba kuloza ena cala mudziwe zimene zinalowa m'mimba mwanga.

Ndinali mmodzi wa aphunzitsi 30,496 amene boma linalemba nchito mu 2022. Ndinakulira m'komboni mu Lusaka, kumene macesi akatha usiku umangogogoda pa kantemba ka aneba. Kalata inanditumiza kum'mawa. Basi inaoloka nane mlatho wa Luangwa n'kukanditula pa mphambano ina ya Great East Road, ndipo kucokera apo ndinakwera kanta yodzaza matumba a fetereza ndi mbuzi ziwiri. Inakwera phiri ikulira ngati ifera panjira. Dzina la sukulu sindichula. Anthu amene ndikamba za iwo akali moyo, ndipo ena ndimadya nao m'mbale imodzi.

Usiku woyamba ndinamva odi pakhomo. Mnyamata wa Giredi 11 anali atasenza theka la thumba la unga, mnzake ali ndi beseni ya nyemba. "Akuti a Bodingimasita mulandireko, aphunzitsi." Dzina langa linali lisanalowe pa peyirolo, ndipo ndalama imene amai anandimangira pa citenje inali itathera m'njira. Ndinalandira ndi manja awiri. Sindinafunse kanthu.

Inu amene munaphunzira m'tauni mumadziwa mphunzitsi ngati munthu amene amaweruka n'kukwera minibasi, osaonekanso mpaka m'mawa. Kuphiri kulibe kuweruka. Nyumba zathu zandandalikana mzere umodzi kuseri kwa mahositelo. Ba Head, amene kuno amati a Hedi, ndiwo abwana ako masana ndipo ndiwo aneba ako madzulo. Nkhuku zao zimadya repu wa m'dimba mwako. Galimoto ya sukulu ndi imodzi, ndipo ndiyo imakutengera ku boma kumapeto kwa mwezi, ndiyonso imathamangitsa mwana wako ku cipatala akadwala pakati pa usiku. Netiweki imagwira pa culu cimodzi pafupi ndi thanki ya madzi, moti ukamakangana ndi cibwenzi pa foni a Deputi ali pambali kudikira kuti nawonso aimbe. Aliyense ali ndi ngongole kwa aliyense. Uyu anakubwereka mbaula, uyo muli naye m'cilimba, mkazi wa uja anacezera ndi mkazi wako pamene anali kudwala. Pamalo otere, kusaina pepala si nkhani ya bolopeni cabe.

Mu 2024 anandiika m'komiti ya bodingi, ndipo nchito yanga inali kuwerenga katundu wa m'sitolo pa Cisanu ndi kusaina buku. Cinali caka coipa. Masukulu anatsegulidwa mocedwa, pa 12 February, cifukwa ca kolera. Pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Cimanga cinapserera m'minda cisanabereke. Madzi atacepa ku Kariba malaiti anayamba kuzima, mapoto athu a magetsi n'kukhala cabe, ophika n'kumadzuka tambala asanalire kukasonkha nkhuni.

Kuyambira January 2022 maphunziro ndi aulere, koma mimba sinalowe m'lamulo limenelo. Mwana wa bodingi anali kulipirabe K1,000 pa temu. Temu imakhala pafupifupi mawiki 13, masiku ngati 90. Gawani nokha. Ndi K11 pa tsiku, ndipo m'menemo mucoke phala la m'mawa, nsima kawiri, nyemba, kabici, mcere, saladi. Ana ovutikitsitsa angapeze basare ya CDF, koma si onse amaipeza, ndipo fomu imafuna kholo lodziwa khomo logogoda. Motero a Hedi anakhwimitsa lamulo: amene sanalipire alibe khadi ya ku dayiningi, ndipo pakapita mawiki awiri atsike phiri akatenge ndalama. Musawayese munthu wouma mtima. Ndinawaonapo atakhala okha mu ofesi, agwira mutu, kakalata ka wogulitsa nyemba kali pa tebulo.

M'buku la m'sitolo muli danga la katundu woonongeka. Mwezi uliwonse munali kulembedwa matumba angapo: oonongeka ndi anankafumbwe. Mwezi woyamba ndinasaina. Mwezi waciwiri ndinafunsa kuti matumba oonongekawo amatayidwa kuti. Wophika wamkulu anayang'ana kudenga. Ndinazungulira sitolo yonse, ndinapita ngakhale ku khola la nkhumba. Caka cimeneco cimanga sicinali kugona m'sitolo nthawi yokwanira kuti nankafumbwe aciboole.

A Bodingimasita ndi munthu wamkulu, wa msinkhu wa atate anga. Ndinawapeza madzulo akonza njinga.

"Akulu, buku lija silikundigoneka."

Sanadabwe. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kabuku ka cikuto colimba. "Khalani pansi, mphwanga. Werengani."

Munali maina 14. Ana opanda khadi amene anali kudya kuseri kwa khichini anzao akatuluka. Pa dzina lililonse panali mau ocepa: amakhala ndi agogo, atate ali m'ndende, munda unapsa. Ena anali a m'kalasi langa. Mmodzi anali mtsikana wa Giredi 12 amene masamu anali kumugonjera ngati mwana.

"Mukawabweza kumudzi caka cino, akukadya ciani? Uyu akatsika phiri, pofika August adzakhala pa banja. Nankafumbwe ndi ameneyu."

Ndikanakonda nkhani ikanathera pamenepo, cifukwa ikanakhala yokoma kuifotokoza. Koma ine ndimaphunzitsa masamu. Ana 14 sangamalize matumba onse amene anali kulembedwa. Ndinawauza zimenezo.

Anapukuta girizi m'manja pang'onopang'ono. "Ophika athu amalipidwa ndi sukulu, ndipo miyezi iwiri sanalandire. Aziphikira ana a eni, ao akugona ndi njala? Maliro a mlonda uja, anthu anadya ciani? Alendo akabwera kudzaona sukulu, nsima imacokera kuti?" Kenako anandiyang'ana. "Nanga inu, mwezi wanu woyamba, munadya ciani?"

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikulimbana ndi funso ili: kodi bodza limene limadyetsa mwana ndi loipa? Ndipo ngati si loipa, n'cifukwa ciani linandisowetsa tulo?

Yankho lofulumira ndi la ku Sande sukulu, lakuti bodza ndi bodza basi. Ndinaliyesa, silinakwane. Ndikanapita kwa a Hedi ndi bukulo, oyamba kupwetekedwa sakanakhala akuluakulu amene ali ndi peyisilipu. Iwo akanalandira kalata ya cenjezo, mwina kusamutsidwa. Ana 14 ndiwo akanatsika phiri m'mawa mwake. Kuno tikagubuduza mwala pamwamba, umakaphwanya nyumba za kumunsi. Ndinadzifunsa moona mtima cimene ndinali kufuna: kuti ana adye, kapena kuti manja anga aoneke oyera? Pali cilungamo cina cimene cimangokhala kudzikonda kovala taye. Munthu amaulula zoona kuti iye agone bwino, ena n'kugona ndi njala.

Yankho linanso lofulumira ndi la m'komboni mwathu, lakuti malamulo analembedwa ndi anthu okhuta, tiyeni tithandizane. Ili ndimalidziwa bwino cifukwa linandilera. Kondakitala amene amalola mwana wa sukulu kukwera ulere bwana wake asakudziwa. Azakhali a ku kiliniki amene amakulowetsa osaima pa mzere. Tikapindula ndife timati ndi umunthu, akapindula ena timati ni nichekeleko. Poyamba ndinafuna kuika a Bodingimasita m'gulu la oyera mtima obisika, ndipo mbali ina alidi otero. Koma zinthu ziwiri zinakana kucoka m'mutu mwanga.

Coyamba, unga umenewo unali ndi mwini wake. Sunali wa boma lakutali lopanda nkhope. Unali wa mnyamata amene amai ake anagulitsa mbuzi kuti apeze K1,000, amene mtanda wake wa nsima unali kucepa wiki ndi wiki iye osadziwa cifukwa. Akanafunsidwa mwina akanavomera kugawana ndi mnzake. Ana athu si oumira, ndawaonapo anayi akuzungulira mbale imodzi. Koma sanafunsidwe. Tinali kucita cifundo ndi cakudya ca mwana wina, ndipo zikomo anali kulandira ndife.

Caciwiri ndico cinandipweteka kwambiri. M'kalasi langa munali mtsikana wina wofatsa, wokhala kumbuyo, amene anatsika phiri mu March ndipo sanabwerenso. Dzina lake munalibe m'kabuku. Sikuti a Bodingimasita anamukana. Sanamudziwe. M'kabuku munalowa ana amene anadziwa kulira pa khomo loyenera, a kwaya ya ku chalichi kwao, anzeru amene aphunzitsi anawalankhulira. Cifundo cobisika cilibe pofunsira. Sungacite apilo pa cinthu cimene onse akuti kulibe. Ndipo khomo limene latsegulidwira mwana wamasiye usiku silisankha wolowa. Thumba la ana ndi thumba la ku nyumba ya mphunzitsi zinali kutuluka pa mzere umodzi wa buku, ndi nankafumbwe mmodzi. Bodza labwino linali kubereka loipa kumsana, ndipo palibe akanagwira loipalo osagwetsa labwino. Ndikhulupirira kuti ena anali kudziwa zimenezi, ndipo zinali kuwakomera.

Cisanu cotsatira ndinasaina. Lembani zimenezo pa dzina langa. Ndinasaina ndikudziwa, cifukwa mayeso oyeserera a Giredi 12 anali pafupi ndipo ndinalibe njira ina m'manja.

Pa miting'i ya aphunzitsi yotsekera temu ndinaimirira, mawondo akugundana. Sindinachule buku kapena munthu. Ndinati tonse tikudziwa kuti pali ana amene sangalipire, ndiye bwanji tiwalembe poyera, komiti ndi makolo adziwe, adye kucokera ku dimba ndi nkhumba za production unit, ife aphunzitsi tiziponyako kangacepe pa mwezi. Ndinatinso katundu woonongeka aziyamba waonedwa ndi anthu atatu asanalembedwe. Pa mau omalizawa m'cipinda munangoti zii. Aliyense anamva cimene sindinanene.

A Hedi anavomera msanga, msanga kwambiri moti ndinazindikira kuti za anankafumbwe anali kuzidziwa kale. Mwina anali kungodikira munthu wopusa mokwanira kuti ayambitse.

Musaganize kuti zinatha bwino. Poyera pamafuna mapepala. Komiti inati mwana aliyense abweretse kalata ya amfumu ndi ya kholo, ndipo aimirire pamaso pa anthu asanu kufotokoza umphawi wa kwao. Pa 14 aja, amene analowa pa mndandanda watsopano anali 9. Analowanso ena anayi amene kale sanali kudziwika, ndipo amenewo ndimawawerenga ndikafuna kudzitonthoza. Koma mnyamata wina wa Giredi 10 anakana kuimirira. Anauza mnzake kuti kuli bwino akaoche makala kusiyana n'kuti sukulu yonse idziwe kuti atate ake ali m'ndende. Kuseri kwa khichini anali kudya ndi ulemu wake. Njira yanga yoyera inamufunsa mtengo umene bodza silinamufunse. Bedi yake inapatsidwa wina temu yotsatira.

Ophika anasiya kundipatsa moni kwa miyezi. Anali ndi cifukwa, popeza malipiro ao anapitiriza kucedwa ndipo ine ndinali nditatseka pamene anali kupumira. Kumapeto kwa mwezi galimoto ya sukulu inayamba kudzaza ndisanafike. Akulu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata, ndipo wanga unanditsata mpaka pa culu ca netiweki, pamene anthu anali kutsitsa mau ndikamayandikira. A Bodingimasita okha ndiwo sanasinthe. Tsiku lina anandiitana kuti ndiwagwirire njinga akupopa. Ali cowerama anati, "Mphwanga, mwacita bwino. Koma mwana uja mukamufunefune." Ndinapita kumudzi kwao kawiri. Ulendo woyamba sindinamupeze. Waciwiri anandiona ndikubwera n'kulowa m'chire.

Mtsikana wa masamu uja analemba mayeso ake n'kupambana bwino. Anadya unga wabodza temu imodzi ndi unga woona matemu awiri, ndipo satifiketi yake sinena kuti ndi uti unamufikitsa.

Caka catha kunabwera mphunzitsi watsopano, kamtsikana ka ku Kanyama, ndi cikwama cimodzi ndi mbaula. Kunada, ndipo palibe mwana amene anatumidwa ku nyumba yake. Ndinadikira mpaka 19 koloko, kenako ndinapungula unga m'thumba langa, ndinatenga ndi kapenta pang'ono, n'kupita ndekha. Analandira ndi manja awiri. Ndikutembenuka kuti ndizipita, anandiitana.

"Ba sir, unga uyu wacoka kuti?"

Ndinamuuza kuti ndinagula ku boma, ndipo risiti ikali m'thumba la jekete ngati afuna kuiona. Anaseka, poganiza kuti ndikuceza.