Mfundo zofunika pa chakudya cholimidwa popanda mankhwala

1. Mtengo wokwera si umboni wa thanzi. M'masitolo a ku London ndi ku Johannesburg, kabichi wolembedwa kuti "organic" amadula kuposa mnzake, ndipo ambiri amalipira poganiza kuti akugula mavitamini ochuluka. Mu 2012 akatswiri a pa yunivesite ya Stanford anasanthula zotsatira za kafukufuku woposa 200, koma sanapeze umboni wamphamvu woti zakudyazi zili ndi michere yambiri kuposa zina. Chomwe chinaoneka n'chakuti zotsalira za mankhwala ophera tizilombo zimachepamo. Wogula adziwe chimene akulipirira, asadzitame ngati wagula moyo wautali.

2. Komabe mantha a ogula sakuchokera m'maloto. Pa botolo la mankhwala pamalembedwa masiku oyenera kudikira mbewu isanathyoledwe. Mlimi wa kudimba akapopera tomato lero, mawa n'kumuunjika pamsika chifukwa mtengo wakwera, wadyetsa ana a anzake chimene sangalole kuti chilowe mumphika wa kwake. Cholakwa chili m'dyera la munthu, osati m'botolo. Ndipo woyamba kuvulala ndi wa ganyu uja wopopera wopanda nsapato, wopanda chophimba kumphuno, amene wogula wa m'tauni samuganizira n'komwe.

3. Chachilengedwe nachonso chimapha. Chuku chomera pa mtedza ndi chimanga chosaumitsitsa chimatulutsa poizoni wa aflatoxin, amene amawononga chiwindi, ndipo sichifunsa ngati m'munda munathiridwa feteleza kapena manyowa. Mu 2004 anthu 125 anamwalira ku Kenya atadya chimanga chotere. Mu 2011 ku Germany anthu oposa 50 anafa ndi tizilombo ta E. coli tochokera mu mphukira za mbewu zolimidwa pa famu yosathira mankhwala. Ndowe yosawolerana bwino imanyamula matenda. Tsono kutsuka ndiwo ndi madzi abwino, kuumitsa mtedza mpaka ulire m'chikhokhombe, ndi kutaya njere zovunda m'malo mozipera nsinjiro, ndi ntchito imene chizindikiro cha pa paketi sichingatigwirire.

4. Tisanyoze za pakhomo. Bonongwe, chisoso ndi luni zimamera zokha, popanda wozipopera. N'zomvetsa chisoni kuti munthu yemweyo amene amazitcha ndiwo za amphawi ndiye amakapereka ndalama zambiri pa letesi wa m'pulasitiki.

5. Wokhuta asalamule za munda wa wanjala. Mu April 2021 pulezidenti wa Sri Lanka, Gotabaya Rajapaksa, analetsa kuitanitsa feteleza wa kufakitale kuti dziko lonse lilime ndi manyowa okhaokha. Alimi sanakonzekere, manyowa okwanira kunalibe. Zokolola za mpunga ndi tiyi zinatsika, dziko lodzidyetsa lokha linayamba kugula mpunga kunja, ndipo chaka chisanathe boma linabweza lamulolo. Mu July 2022 Rajapaksa anathawa m'dzikomo anthu atakwiya ndi kugwa kwa chuma. Feteleza sanali chifukwa chokha, koma anawonjezera moto. Kuno ku Malawi nkhani ya feteleza imagwedeza ndale makamaka kuyambira pomwe boma la Bingu wa Mutharika linayambitsa makuponi mu 2005, chifukwa nthaka yotopa siibereka ndi zolinga zabwino zokha. Alimi athu ena apeza njira yapakati: manyowa a Mbeya, osakaniza ndowe, phulusa, gaga ndi feteleza pang'ono, kuphatikizapo kubzala nandolo m'chimanga ndi kusiya mitengo ya nsangu m'munda. Chimanga chawo sichingalandire chizindikiro cha "organic" ku Ulaya, poti muli feteleza, koma thumba limodzi la feteleza limawakwanira pa munda umene kale unkafuna angapo.