Kodi Cithokomiro N'camanyazi?

Kuno ku Kalomwe tikudziwa amayi amene amabisa khosi ndi nsalu cifukwa ca cithokomiro. Ena amawaseka, ena amanong'ona za ufiti.

Koma nthendayi kawirikawiri imadza thupi likasowa ayodini. M'mapiri monga ano a Angónia mvula imakokolola ayodini m'nthaka, ndipo m'zakudya zathu amacepa. Nanga wodwala walakwa ciani?

Iye wasenza akatundu awiri: nthenda ndi nkhawa. Nthendayo akaione a cipatala ku Ulongwe, ndipo pakhomo tizidya mcere wa ayodini. Koma nkhawa timamusenzetsa ndife, ndipo ndife tingamutule. Tizimucezera, tizilima naye, tiziphunzira naye m'kalasi muno. Wodwala zaka zambiri amalimba mtima akaona kuti pamudzi akumuwerengerabe.