Kodi Maliro a Eni Ake Angasanduke Chionetsero?

Pa maliro a kumudzi pamakhala mwambo wake. Munthu wapadera sangodzuka n'kuyamba kulongosola mbiri ya malemu. Amalankhula ndi yekhayo amene anamfedwa amusankha. Koma masiku ano kuli alendo ena amene amafika pa maliro a mtundu wonse wa anthu atanyamula makamera, nakonza kanema amene dziko lonse lapansi limaonera. Kodi wokonza kanema ali ndi ufulu wotani pa chisoni cha eni ake? Nanga woonera akhulupirire mpaka pati?

Nkhani ya ku Rwanda ikhoza kuunikira bwino mafunso amenewa. Pa 6 Epulo 1994 ndege imene adakwera mtsogoleri wa dzikolo, Juvénal Habyarimana, idaomberedwa ili pafupi kutera mumzinda wa Kigali. M'masiku pafupifupi 100 otsatira, anthu pafupifupi 800,000 adaphedwa. Ambiri mwa iwo adali a mtundu wa Atutsi, ndipo ena adali Ahutu amene adakana kutenga nawo mbali pa chiwembucho. Ochuluka adaphedwa ndi zikwanje, owapha ali anansi awo omwe. Mayiko olemera adangopenya, ndipo bungwe la United Nations lidachepetsa asilikali ake m'malo mowaonjezera.

Patapita zaka 10, m'chaka cha 2004, Terry George adatulutsa kanema wotchedwa Hotel Rwanda. Kanemayu amasimba za Paul Rusesabagina, amene ankayang'anira hotela ya Mille Collines ku Kigali, m'mene anthu oposa 1,200 adabisala napulumuka. Ubwino wa kanemayu sungakanidwe. Anthu ambirimbiri amene sadamvepo za Rwanda adakhetsa misozi, nadzifunsa chifukwa chimene maboma awo adakhalira chete. Paja akuluakulu adati maliro n'kulirana, ndipo kanema adafikitsa uthenga wa malirowo kumene nyuzipepala zidalephera kuufikitsa.

Komabe kanema ali ndi njala yake. Kuti anthu akhale pansi maola awiri, pamafunika ngwazi imodzi yoti aziitsata ndi mathero otonthoza mtima. Motero nkhani ya anthu zikwizikwi amene adafa idasanduka nkhani ya munthu mmodzi amene adapulumutsa anzake. Mkulu wa asilikali wotchedwa Colonel Oliver m'kanemamo ndi munthu wongopeka, ndipo mbali yaikulu ya kanemayo idajambulidwa ku South Africa. Ena mwa opulumuka, monga Edouard Kayihura amene adalemba buku m'chaka cha 2014, adatsutsa zoti Rusesabagina adali mpulumutsi, nanena kuti ankalipiritsa ndalama anthu othawawo. Ena adaikira kumbuyo Rusesabagina. Onsewa adali m'nyumba imodzi, koma amakumbukira zosiyana.

Ndale nazo sizidachedwe kulowerera. M'chaka cha 2005 mtsogoleri wa dziko la America, George W. Bush, adapatsa Rusesabagina mendulo yaulemu. Koma munthuyu atayamba kudzudzula poyera boma la Paul Kagame, akuluakulu a ku Rwanda adayamba kumutchula ngwazi yochita kupanga. M'chaka cha 2020 adakwera ndege ku Dubai poganiza kuti akupita ku Burundi, koma ndegeyo idakatera ku Kigali, kumene adamangidwa. Chaka chotsatira khoti lidamulamula kukhala m'ndende zaka 25 pa milandu ya uchigawenga, yokhudza gulu la zida limene lidapha anthu wamba kum'mwera kwa dzikolo. Mayiko ena adadandaula kuti mlanduwo sudayende mwachilungamo, ndipo adamasulidwa m'mwezi wa Malichi 2023. Kanema adali yemweyo, osasintha ngakhale chithunzi chimodzi, koma woyamikira ndi wonyoza aliyense ankamuona molingana ndi mbali imene adaima.

Apa ndiye pagona vuto. Pamene maboma ndi andale ali kulimbirana dzina la munthu mmodzi, amene adagona m'manda a anthu ambirimbiri amaiwalika kachiwiri. Mkangano umachoka pa funso lofunika, lakuti zidatheka bwanji kuti munthu aphe mnansi wake, n'kupita pa funso laling'ono, lakuti ngwazi ndani.

Nanga kukonza kanema wotere n'kulakwa? Iyayi, pakuti kukhala chete n'koipa koposa. N'kumene akupha amafuna. Koma wokonza kanema adziwe kuti ndi mlendo pa maliro a eni. Ayenera kumvetsera anamfedwa ambiri, osati mmodzi yekha, ndi kuvomera poyera pamene waonjezera zake. Woonera naye ali ndi udindo. Kanema ndi mboni imodzi chabe, ndipo mfumu yanzeru sigamula mlandu itangomva mboni imodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha: woonera afufuze, awerenge, amve mbali zonse asanaombe m'manja kapena kutukwana.

Wophunzira amene waonera Hotel Rwanda natuluka akukumbukira dzina la Rusesabagina lokha, waona theka la nkhani. Koma amene watuluka akudzifunsa chimene iye akadachita anthu a zikwanje atafika pa khomo la mnansi wake, ameneyo wapepesa maliro mwaulemu.